NDANI AMAVOMEREZA MAPANGANO A MAIKO? PHUNZIRO KUCHOKERA KU ULAYA

Mau oyamba

Kawirikawiri timamva pa wailesi kuti mtsogoleri wa dziko kapena nduna yapita kunja ndipo yakasaina pangano ndi maiko ena. M'nyuzipepala timaona chithunzi cha akuluakulu atakhala pa tebulo, cholembera chili m'manja, mbendera zili kumbuyo kwao. Ambiri a ife timangoti izo n'za aboma, ife sizitikhudza. Koma zoona zake n'zakuti mapangano otere ndiwo amanena za msonkho umene shuga, tiyi ndi fodya wathu amalipira polowa m'dziko lina, za katundu wakunja amene amapikisana ndi wathu pa msika, ndiponso za ngongole zimene ana athu adzabweze. Choncho funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yomanga dziko lonse pa pangano si funso laling'ono ai.

Akuluakulu athu akukumbukira Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1953 ngakhale mafumu ndi anthu a dziko lino adachikana poyera, ndipo chidatha kumapeto kwa 1963 patatayika miyoyo ya anthu. Mgwirizano umene eni ake sadafunsidwe sukhalitsa.

M'phunziro lino tiona m'mene maiko a ku Ulaya, amene adalowa mu mgwirizano mwa kufuna kwao, amavomerezera mapangano. Tasankha chitsanzo chimenechi chifukwa kumeneko nyumba za malamulo za maiko, ngakhalenso za zigawo zing'onozing'ono, zili ndi mau pa nkhaniyi. Pomaliza tidzifunsa kuti nanga kwathu kuno zimayenda bwanji.

1. Kusaina ndi kuvomereza n'zosiyana

Pangano la maiko ndi mgwirizano wolembedwa umene maiko awiri kapena ambiri amalonjezana kuti adzautsata. Likhoza kukhala la malonda, la mtendere, la malire, la chitukuko kapena la ufulu wachibadwidwe wa anthu.

Tiyeni tiyerekeze ndi ukwati. Mnyamata ndi mtsikana akhoza kugwirizana ndi kupatsana chikole. Chimenecho n'chizindikiro chakuti atsimikiza mtima. Komabe ukwati sumanga mpaka ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pansi ndi kuvomereza. Chimodzimodzinso pangano la maiko limadutsa masitepe anai:

(a) Kukambirana: nthumwi za maboma zimakumana, nthawi zina kwa zaka zambiri, mpaka zitagwirizana pa mau onse.

(b) Kusaina: atsogoleri kapena nduna amalemba maina ao. Uku kuli ngati kupereka chikole.

(c) Kuvomereza: dziko lililonse limabwerera kwao kukapempha chilolezo motsata malamulo ake oyendetsera dziko. M'maiko ambiri chilolezochi chimachokera ku nyumba ya malamulo. Apa ndiye pa ankhoswe.

(d) Kuyamba kugwira ntchito: maiko okwanira akapereka zikalata zosonyeza kuti avomereza, pangano lija limamanga.

Sitepe yachitatuyi ndi yofunika kwambiri. Pangano la ku Vienna la 1969, limene limafotokoza malamulo a mapangano a maiko, limaphunzitsa kuti pangano likamanga liyenera kusungidwa mokhulupirika, ndipo dziko silingazembe ponamizira malamulo a kwao. Boma likhoza kusintha pa chisankho, koma pangano limatsala. N'chifukwa chake nthawi yofunsa mafunso ndi pamene dziko lisanavomereze.

2. Kodi Mgwirizano wa Maiko a ku Ulaya n'chiyani?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, atsogoleri ena a ku Ulaya adafuna njira yoti France ndi Germany asadzamenyanenso. Pa 9 Meyi 1950 Robert Schuman, nduna ya za kunja ya France ndiponso Mkatolika wodzipereka, adapereka ganizo lakuti maiko aike pamodzi malasha ndi chitsulo chao, zinthu zimene amapangira zida za nkhondo. Maiko 6 adavomera m'chaka cha 1951: Belgium, France, West Germany, Italy, Luxembourg ndi Netherlands. M'chaka cha 1957 adasaina Pangano la ku Rome lokhazikitsa msika umodzi. Pangano la ku Maastricht la 1992 ndilo lidabweretsa dzina lakuti European Union, mwachidule EU. Britain itatuluka pa 31 Januwale 2020, mudatsala maiko 27 okhala ndi anthu pafupifupi 450 miliyoni.

EU si dziko limodzi ai. Dziko lililonse lili ndi boma lake, nyumba yake ya malamulo ndi asilikali ake. Chimene adachita n'kupereka mphamvu zina ku mabungwe a onse pamodzi, n'kusunga zina. Pa nkhani ya mapangano, mabungwe ofunika kuwadziwa ndi awa:

Komishoni, imene likulu lake lili ku Brussels, ndiyo imakambirana ndi maiko akunja m'malo mwa onse.

Khonsolo ya Nduna, m'mene mumakhala nduna ya dziko lililonse, ndiyo imatuma Komishoni, kuloleza kusaina ndi kutsiriza pangano.

Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya ili ndi aphungu osankhidwa ndi anthu zaka 5 zilizonse kuyambira 1979. Pa chisankho cha 2024 mipando idali 720.

Bwalo la Milandu la EU, ku Luxembourg, limaweruza pakakhala kusamvana pa za mphamvu za mabungwewa.

3. Mitundu itatu ya mapangano

Njira yovomerezera pangano imatengera funso limodzi: kodi nkhani zili m'panganolo zili m'manja mwa yani?

Mtundu woyamba ndi mapangano amene amasintha maziko a mgwirizano weniweniwo kapena kulandira dziko latsopano. Awa amafuna kuti dziko lililonse livomere. Limodzi lokha likakana, zonse zimaima. M'chaka cha 1992 anthu a ku Denmark adakana Pangano la ku Maastricht pa riferendamu, ndipo adalivomera chaka chotsatira atalonjezedwa kuti mfundo zina sizidzawakhudza. M'chaka cha 2005 anthu a ku France ndi a ku Netherlands adakana pangano lofuna kukhazikitsa malamulo amodzi oyendetsera EU, ndipo pangano limenelo lidafera pomwepo. Pangano la ku Lisbon lidasainidwa m'chaka cha 2007, anthu a ku Ireland adalikana mu 2008 n'kudzalivomera mu 2009, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2009.

Mtundu wachiwiri ndi mapangano a pa nkhani zimene maiko adaperekeratu ku EU, monga msonkho wa pa malire ndi malonda a katundu ndi maiko akunja. Apa nyumba za malamulo za maiko sizivota. Khonsolo ya Nduna ndiyo imagamula, ndipo pa nkhani zambiri za malonda sipafunika kuti onse avomere. Pamafunika maiko 15 mwa 27, ndipo maikowo akhale ndi anthu 65 mwa anthu 100 alionse a mu EU. Pamafunikanso chilolezo cha Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya. Aphungu ake sangasinthe mau a pangano, koma akhoza kulikana lonse. Mu Julayi 2012 adakana pangano lotchedwa ACTA, lokhudza katundu wachinyengo ndi zokopera pa intaneti, ndi mavoti 478 okana ndi 39 okha ovomera. Pangano la malonda la EU ndi Japan lidadzera njira yachiwiriyi, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 1 Febuluwale 2019, pasanathe chaka chisainireni.

Mtundu wachitatu ndi mapangano osakaniza. M'menemu muli nkhani zina za EU ndi zina zimene zidatsala m'manja mwa maiko. Pangano lotere limasainidwa ndi EU pamodzi ndi dziko lililonse, ndipo limafuna makiyi awiri: chilolezo cha mabungwe a EU, ndi chilolezo cha dziko lililonse motsata malamulo a kwao. Popeza izi zimatenga zaka, Khonsolo ya Nduna imatha kuloleza kuti mbali zimene zili m'manja mwa EU ziyambe kutsatidwa mongoyembekezera, pamene mbali zotsalazo zikudikira nyumba za malamulo.

Malire a mtundu wachiwiri ndi wachitatu adavuta kwa nthawi yaitali. Pa 16 Meyi 2017 Bwalo la ku Luxembourg, poona pangano la EU ndi Singapore, lidagamula kuti pafupifupi nkhani zonse za malonda zili m'manja mwa EU, kupatula ziwiri: mitundu ina ya ndalama zimene anthu akunja amaika m'makampani, ndi mabwalo apadera m'mene makampani akunja amasumira maboma. Chigamulochi chitaperekedwa, pangano la Singapore lidagawidwa pawiri. La malonda lidayamba kugwira ntchito mu Novembala 2019, ndipo linalo lidatumizidwa ku nyumba za malamulo za maiko.

4. Dziko lililonse lili ndi njira yake

EU siuza dziko m'mene liyenera kuvomerezera pangano. Zimenezo zili m'malamulo oyendetsera dziko lililonse.

Maiko ena monga Denmark, Sweden, Portugal ndi Malta ali ndi nyumba ya malamulo imodzi, ndipo voti ya nyumbayo imakwanira pa mapangano ambiri. Ena monga France, Italy, Poland ndi Netherlands ali ndi nyumba ziwiri, ndipo pangano limadutsa konse kuwiri.

Germany ili ndi zigawo 16, chilichonse ndi boma lake. Kuonjezera pa nyumba ya aphungu yotchedwa Bundestag, kuli nyumba ina yotchedwa Bundesrat m'mene mumakhala nthumwi za maboma a zigawo. Pangano likakhudza mphamvu za zigawo, chilolezo cha nyumba yachiwiriyi chimafunika.

Ku Finland kuli zilumba za Åland, kumene kumakhala anthu pafupifupi 30,000 olankhula Chiswidishi. Ali ndi nyumba yao ya malamulo ya aphungu 30. Mfundo ya pangano yokhudza nkhani zimene zili m'manja mwao sigwira ntchito pa zilumbazo mpaka nyumba yaoyo itavomereza.

Ku Ireland bwalo lalikulu la milandu lidagamula m'chaka cha 1987 kuti boma silingapereke mphamvu zikuluzikulu za dziko ku mabungwe a ku Ulaya popanda kusintha malamulo oyendetsera dziko, ndipo malamulowo sasinthidwa popanda riferendamu. Mlanduwo adautengera ku bwalo ndi munthu mmodzi, Raymond Crotty, mlimi ndi katswiri wa za chuma.

Ku Netherlands, pa 6 Epulo 2016, kudachitika riferendamu yongopereka malangizo pa pangano la EU ndi Ukraine. Anthu 61 mwa 100 alionse amene adavota adakana, ngakhale ovota adali 32 okha mwa 100 alionse. Atsogoleri a maiko a EU adalemba chikalata choyankha madandaulo ao, aphungu adavomereza, ndipo pangano lidamanga pa 1 Sepitembala 2017.

Koma dziko limene zigawo zake zili ndi mphamvu zoposa ndi Belgium. Dzikoli lili ndi anthu oposa 11 miliyoni olankhula Chidatchi, Chifalansa ndi Chijeremani. Pofuna kuthetsa mikangano ya ziyankhulo, adasintha malamulo ao pang'onopang'ono mpaka m'chaka cha 1993 pamene dzikolo lidasanduka chitaganya. Kuli zigawo zitatu, Flanders, Wallonia ndi Brussels, zimene zimayang'anira ulimi, chilengedwe ndi malonda akunja. Kulinso magulu atatu a ziyankhulo amene amayang'anira maphunziro ndi chikhalidwe. Mfundo yao n'njakuti amene ali ndi mphamvu pa nkhani ina m'kati mwa dziko ali nayonso pokambirana ndi maiko akunja. Motero boma la ku likulu silingasaine pangano losakaniza lopanda chilolezo cha maboma a zigawo ndi a magulu a ziyankhulo, ndipo likasainidwa, nyumba ya malamulo iliyonse yokhudzidwa iyenera kulivomereza. Ngakhale nyumba ya olankhula Chijeremani ku Eupen, ya aphungu 25, imavota nao.

5. Nkhani ya Wallonia ndi pangano la Canada

EU ndi Canada adayamba kukambirana pangano la malonda lotchedwa CETA m'chaka cha 2009, ndipo adamaliza mu 2014. Pangano limeneli, la masamba pafupifupi 1,600, lidali lochotsa msonkho pa mitundu 98 mwa 100 ilionse ya katundu. Mu Julayi 2016 Komishoni idalola kuti litengedwe ngati pangano losakaniza, ndipo mwambo wosaina udakonzedwa kuti uchitike pa 27 Okutobala chaka chomwecho.

Nyumba ya malamulo ya Wallonia, imene imakumana mu mzinda wa Namur ndipo ili ndi aphungu 75, idali itayamba kale kuliwerenga panganolo ndi kuitana akatswiri, alimi ndi mabungwe a anthu apantchito kuti anene maganizo ao. Madandaulo akulu adali atatu. Alimi a ng'ombe ankaopa nyama yochokera ku Canada. Ena ankaopa kuti ntchito zothandiza anthu zimene boma limayendetsa zidzagwa m'manja mwa makampani. Koma chodetsa nkhawa kwambiri chidali bwalo lapadera limene likadalola kampani yakunja kusumira boma ndi kufuna chipukutamisozi ngati lamulo latsopano laiwonongera malonda.

Pa 14 Okutobala 2016 aphungu 46 adavota kuti boma lao lisapereke chilolezo, 16 adatsutsa. Mtsogoleri wa boma la chigawocho, Paul Magnette, adamvera aphungu ake. Tsono nduna yaikulu ya Belgium, Charles Michel, idalibe mphamvu yosaina, ndipo popanda Belgium EU yonse sikadatha kusaina. Chigawo cha anthu pafupifupi 3.6 miliyoni chidaimitsa pangano la anthu oposa 500 miliyoni. Nduna ya za malonda ya Canada, Chrystia Freeland, idapita yokha ku Namur kukakambirana, koma idatuluka mu zokambiranazo pa 21 Okutobala popanda chogwirizana.

Patapita masiku okambirana usana ndi usiku, maboma a ku Belgium adamvana pa 27 Okutobala, ndipo pangano lidasainidwa pa 30 Okutobala ku Brussels, nduna yaikulu ya Canada Justin Trudeau ali pomwepo. Mau a pangano lenileni sadasinthe. Chimene chidaonjezedwa ndi chikalata chomasulira mfundo zovutazo, lonjezo loteteza alimi msika ukasokonekera, ndi lonjezo lakuti Belgium idzafunsa Bwalo la ku Luxembourg ngati bwalo lapadera lija likugwirizana ndi malamulo a EU. Bwalolo lidayankha pa 30 Epulo 2019 kuti likugwirizana.

Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya idavomereza CETA pa 15 Febuluwale 2017 ndi mavoti 408 ovomera ndi 254 okana. Mbali zambiri za malonda zidayamba kutsatidwa mongoyembekezera pa 21 Sepitembala 2017, koma mbali ya bwalo lapadera idasiyidwa kudikira nyumba za malamulo za maiko. Ulendo umenewo udakhala wautali. Aphungu a ku Cyprus adakana mu Julayi 2020, ndipo china mwa zifukwa chidali chakuti tchizi cha kwao chotchedwa halloumi sichidatetezedwe mokwanira. Bwalo lalikulu la ku Ireland lidagamula mu Novembala 2022 kuti boma silingavomereze panganolo pokhapokha lamulo lina litasinthidwa. Aphungu a ku Germany adavomereza mu Disembala 2022. Nyumba yachiwiri ya ku France idakana mu Malichi 2024, ngakhale nyumba yoyamba idavomera mu 2019. Pofika 2024, maiko 17 mwa 27 ndiwo adali atamaliza kuvomereza.

6. Ubwino wake ndi zovuta zake

Anthu a ku Ulaya eni ake sagwirizana pa nkhaniyi, ndipo ndi bwino timve mbali zonse ziwiri.

Oyamikira njirayi amati imakakamiza boma kufotokozera anthu zimene lalonjeza kunja. Amati phungu wa kuchigawo amadziwa mavuto a mlimi wa kwao kuposa munthu wa ku ofesi ku likulu, ndipo pangano limene lapimidwa m'nyumba zambiri limakhala lolimba chifukwa anthu amalitenga ngati lao. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Odandaula amati si chilungamo kuti anthu ochepa atsekereze zofuna za anthu ambiri, makamaka pamene aphungu osankhidwa ndi anthu a ku Ulaya konse avomera kale. Amati maiko ena amatopa kudikira, ndipo nthawi zina chipani chimakana pangano osati chifukwa ndi loipa koma pofuna kupeza mavoti kwao.

Palinso funso lovuta la kutsata pangano mongoyembekezera. Ngati malonda ayenda kale kwa zaka zambiri aphungu asanavote, kodi voti yao ili ndi mphamvu yanji? Ndiponso pamene mapangano akugawidwa pawiri kuti mbali ya malonda isadutse m'nyumba za malamulo za maiko, ntchito ya aphungu akumaiko imasanduka yoyang'anira nduna zao zisanapite ku Khonsolo ya Nduna. Phungu amene amadikira tsiku lovota amapeza kuti zambiri zagamulidwa kale.

7. Kodi Mpingo umaphunzitsa zotani?

M'chaka cha 1931 Papa Pius XI, m'kalata yake yotchedwa Quadragesimo Anno, adaphunzitsa kuti bungwe lalikulu lisalande ntchito imene banja, mudzi kapena bungwe laling'ono lingathe kuichita bwino palokha. Udindo wa wamkulu ndi kuthandiza wamng'ono, osati kumumeza. Papa Yohane XXIII, m'kalata ya Pacem in Terris ya 1963, adaonetsa kuti mfundo yomweyi iyenera kutsatidwanso pakati pa maiko ndi mabungwe a dziko lonse. Mfundoyi idalembedwanso m'Pangano la ku Maastricht. M'buku la Eksodo, mutu 18, timawerenga m'mene Yetero adalangizira Mose kuti asasenze yekha milandu yonse, koma aike atsogoleri a magulu akulu ndi ang'ono.

Koma Mpingo umaphunzitsanso za umodzi ndi za ubwino wa anthu onse. Wamng'ono ali ndi ufulu womvedwa, komanso ali ndi udindo woganizira anzake. Mphamvu yokana si ndodo yoopsezera ena kuti tipeze zathu zokha. Kukana kwabwino ndi kumene kumanena zifukwa zake poyera ndi kusiya khomo la zokambirana lotsekula. Mutu umodzi susenza denga.

8. Nanga kwathu kuno?

Nkhanizi si za azungu okha. Dziko la Malawi lidali m'gulu la maiko 46 a mu Africa, Caribbean ndi Pacific amene adasaina Pangano la ku Lomé ndi maiko a ku Ulaya m'chaka cha 1975. Pangano la ku Cotonou lidasainidwa mu Juni 2000, koma lidamanga mu Epulo 2003 chifukwa lidayenera kudutsa m'maiko onse a EU. Lolowa m'malo mwake lidamalizidwa kukambirana mu 2021, koma boma la Hungary, kenaka la Poland, adachedwetsa chilolezo chao, kotero lidasainidwa pa 15 Novembala 2023 ku Samoa ndi kuyamba kutsatidwa mongoyembekezera pa 1 Januwale 2024. Apa tikuona kuti mkangano wa m'dziko limodzi la ku Ulaya ukhoza kuchedwetsa pangano lokhudza maiko ambiri a mu Africa. Ku Nigeria, Maepiskopi a Katolika adapereka madandaulo ao pa mau ena a m'pangano la ku Samoa m'chaka cha 2024, boma litasaina kale. Kukadakhala kukambirana poyera lisanasaine, mitima ikadakhala pansi.

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, amapereka kwa Pulezidenti, pa ndime 89, mphamvu yokambirana, kusaina ndi kulowa m'mapangano a maiko, kapena kutuma nduna ndi akazembe kuti atero. Ndime 211 imati pangano latsopano limasanduka lamulo la dziko lino ngati Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa lamulo lonena choncho. Dziko lathu si chitaganya, choncho makhonsolo athu alibe mphamvu zonga za Wallonia. Udindo wonse wofunsa mafunso uli pa aphungu, ndi pa ife amene timawasankha.

Tisaiwalenso kuti pangano labwino silipindula kanthu likangokhala m'kabati. Dziko lino lidalowa m'pangano la United Nations la ufulu wa ana m'chaka cha 1991, koma lamulo lalikulu losamalira ndi kuteteza ana lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mu 2017 ndi pamene malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 atengedwe ngati mwana.

Tsono ife akhristu tingachitepo chiyani? Tikamva kuti boma lasaina pangano, tifunse kuti muli zotani, lipindulira yani, ndipo liluzitsa yani. Phungu akabwera ku dera lathu, tisangomupempha mabokosi a maliro ndi mipira. Timufunse ngati adawerenga mapangano ndi mabilo a ngongole zakunja amene adavotera. Tipemphe kuti mfundo zikuluzikulu za mapangano zimasuliridwe m'ziyankhulo zathu ndi kuulutsidwa pa wailesi. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi mwathu angathandize kusonkhanitsa mafunso a m'miphakati ndi kuwapereka kwa oyenera. Mu Malichi 1992 Maepiskopi athu adatikumbutsa m'kalata yao ya nyengo ya Lenti kuti anthu ayenera kutenga nao mbali pa zochitika za dziko lao. Kutenga mbali kumeneko sikuthera pa tsiku loponya voti.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Fotokozani m'mau anu kusiyana kwa kusaina pangano ndi kulivomereza.

2. Kodi aphungu a ku Wallonia adachita bwino kapena adalakwa? Mukadakhala mlimi wa ku Canada mukadaona bwanji?

3. M'kalabu ya alimi, m'mudzi kapena m'parishi mwathu, ndi zinthu ziti zimene atsogoleri angagamule okha, ndipo ndi ziti zimene ayenera kuyamba afunsa anthu onse?

4. Kodi nkoyenera kuti mapangano akuluakulu adzere ku Nyumba ya Malamulo boma lisanawavomereze? Perekani zifukwa.

5. Ndi funso liti limodzi limene mphakati wathu udzafunse phungu akadzabwera, ndipo adzafunse ndani?